Nkhondo ikatha mumzinda, othawa aja muwabwezeretsa bwanji? Tionere za ku Marawi

Ndiyambe ndakonza kaye, chifukwa ndikudziwa wina awerenga mothamanga nkuyamba kuimbira abale mafoni: ndikunena Marawi wa ku Philippines, osati Malawi wathu uno. Ife r ndi l sitisiyanitsa kwenikweni nde dzinali limasokoneza. Mzindawu uli pa chilumba cha Mindanao, m'mbali mwa nyanja ya Lanao, ndipo eni ake ndi Amaranao, dzina lotanthauza anthu a kunyanja, eya ngati Anyanja basi. Ambiri ndi Asilamu ndipo m'dziko lonselo amadziwika ndi geni.

Pa 23 Meyi 2017 asilikali a boma anapita kukagwira Isnilon Hapilon wa gulu la zigawenga la Abu Sayyaf yemwe amabisala mumzindamo, zinthu zinavuta, zigawenga za gulu la Maute zomwe zinkati zili mbali ya ISIS zinatulukira mmisewu nkulanda mzinda, ndipo nkhondo yomwe anthu ankaganiza kuti ndi ya masiku atatu inatenga miyezi 5, mpaka pa 23 Okutobala. Anafa anthu oposa 1,000. Othawa, kuphatikiza a m'matauni oyandikana, anapitirira 350,000. Pakati peni peni pa mzinda, madera 24 mwa madera 96, malo okwana mahekitala pafupifupi 250, panasanduka zigumuka zokha zokha, kwambiri chifukwa cha mabomba a ndege za boma lomwelo. Deralo analipatsa dzina loti Most Affected Area, kutanthauza dera lokhudzidwa kwambiri.

Ndasankha Marawi chifukwa kumeneko ndalama zinalipo, komiti ya boma yomanganso mzindawu inalipo, Task Force Bangon Marawi, inakhazikitsidwa nkhondo isanathe nkomwe mu Juni 2017, koma patadutsa zaka zisanu mabanja masauzande anali akadali mtinyumba tongoyembekezera. Nde kaya muli kubungwe, kumpingo, kumzikiti, kukhonsolo, kaya ntchito yakutengerani ku Cabo Delgado kapena ku Goma, zomwe ndikulembazi nzoti muzigwiritse ntchito, ndipo mutu wake ndi umodzi: mzinda ndi eni nyumba aja, ntchito iliyonse muziyeza ndi funso loti kodi ikufupikitsa tsiku lomwe mayi wothawa nkhondo adzagone kwake kapena ayi.

Yambani ndi kuwapeza anthuwo, ndipo musawafune kukampu kokha

Apa mpomwe ambiri amaphonyera tsiku loyamba lomwe. Galimoto ya thandizo imalunjika pomwe pali matenti chifukwa mpomwe pakuoneka, makamera alinso pompo. Koma ku Marawi ambiri ndithu mwa othawa sanapite kukampu, anakakhala kwa abale ku mzinda wa Iligan ndi m'matauni ozungulira nyanja ya Lanao, nyumba ya zipinda ziwiri kukhalamo mabanja anayi asanu.

Izi ine sindichita kumva. Ndili mwana kwathu ku Ntcheu, nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, agogo analandira banja lochokera ku Angónia, anthu asanu ndi awiri, olankhula Chichewa chomwechi, nkuwapatsa khitchini kuti azigonamo ife tizipikira panja. Amene anali kukampu anali ndi makhadi, amalandira ufa, nyemba, mafuta. A kwa agogo aja kwa nthawi yaitali analibe khadi chifukwa olemba maina sanafike mmudzi mwathu, nde nkhokwe yomwe imatifikitsa Febuluwale inatha mu Novembala, ndimakumbuka agogo akugogoda pansi pa nkhokwe ndi mpini kuti atsitse tomwe tinakanirira m'mbali. Sanawathamangitse ayi koma nkhope zinayamba kusintha pakhomo, ndipo mwana amaona.

Ndiye polemba kalembera yendani khomo ndi khomo m'madera omwe alandira anthu, ndipo wolandira alendoyo mumulembenso, nayenso apatsidwe kanthu. Lembani munthu aliyense osati mutu wa banja wokha, chifukwa pali mitala, pali amasiye, pali mabanja omwe anabalalika wina ali uku wina uko, khadi ikakhala ya bambo yekha mkazi wachiwiri ndi ana ake agona ndi njala. Lembaninso a lendi. Mumzinda anthu ambiri sakhala m'nyumba zawo, ndipo mapulogalamu ambiri amangoona landilodi, wa lendi yemwe katundu wake yense anapsa mnyumbamo kumuona ngati kulibe. Komanso musafunse chiphaso ngati chinthu choyamba, munthu anathawa ndi zovala za mthupi poganiza kuti abwera mawa. Bweretsani a ofesi ya ziphaso komweko adzapange zatsopano, mwaulere, tsiku lomwelo la kalembera.

Za thandizo lenilenilo sinditalikitsa. Sabata zoyamba chakudya, madzi, zofunda, sopo, zofunika amayi pamwezi. Zikangodutsa pamenepo, ngati misika ikuyenda, perekani ndalama, pafoni kapena pamanja, munthu adziwa yekha ngati chomwe chikumuvuta ndi mankhwala a shuga a amayi ake kapena yunifolomu. Ndipo dziwani anthu omwe mukuwathandiza. Nkhondo ya Marawi inayamba kutatsala masiku ochepa kuti Ramadan iyambe, nde nthawi yogawira chakudya, mtundu wa chakudyacho kuti chikhale halal, malo oswalira, kusiyanitsa pogona ndi posamba pa amayi ndi abambo, zonsezi sizinali zoonjezera ayi. Amaranao ali ndi mawu oti maratabat, ulemu wa munthu ndi banja lake, ndipo munthu yemwe dzana anali ndi shopu ya nsalu ya nsanjika mukamuimika pamzere padzuwa maola anayi nkumujambula akulandira zitini za nsomba kuti muike pa Facebook, mwamupatsa chakudya inde koma mwamuvula.

Mabomba osaphulika, ndi kulola anthu kukaona kwawo

Palibe wobwerera asanadutse akatswiri a mabomba, apa palibe zokambirana. Mzinda womwe wamenyedwa ndi ndege umakhala ndi mabomba omwe analowa pansi osaphulika, kuphatikiza misampha yomwe zigawenga zimatchera mzitseko, mmakabati ngakhale mzidole. Aneba athu a ku Mozambique anasainirana mtendere mu 1992 koma dzikolo analengeza kuti latha mabomba okwirira mu 2015, onani kutalika kwake. Ana muwaphunzitse kukampu konko asananyamuke: chachitsulo chomwe sukuchidziwa usachigwire, usachiponye mwala, kaitane wamkulu. Otola zitsulo zakutha zogulitsa ndi omwe amavulala kwambiri.

Koma nkhani ya mabombayi isasanduke chifukwa chotsekera anthu kunja zaka ndi zaka osawauza kanthu. Gawani mzinda m'zigawo, nenani kuti chigawo ichi tikuyamba mwezi wakuti, mukachedwa bweraninso mudzanene kuti tachedwa chifukwa chakuti. Anthu amapirira kudikira, chomwe sapirira nkusauzidwa. Ku Marawi mu 2018 anachita pulogalamu yotchedwa Kambisita, yolola mabanja kulowa masiku ochepa chigawo ndi chigawo kukaona nyumba zawo nkutola chomwe chatsala. Ganizo labwino, kungoti linabwera patadutsa miyezi yambiri nkhondo itatha, ndipo ambiri anakapeza kuti zomwe bomba linasiya akuba anamaliza, ma sefa othyoledwa, ndolo ndi zibangili za golide zomwe amayi a kumeneko amasungiramo chuma kulibe. Nde nthawi yomwe mzinda uli wotseka muzidziwa kuti akulondera ndani, ndipo pakhale pokadandaula pomwe sipali m'manja mwa olondera omwewo.

Paulendo woterewu mutumize anthu okhala ndi foni ya kamera ndi tepi yoyezera. Nyumba iliyonse ijambulidwe mbali zonse mwini wake ataima pakhomo, aneba awiri atsimikize malire, zilembedwe, mwini atenge kope yake. Chitani izi buludoza isanalowe. Ikangodutsa, mpanda uja, mtengo wa mango uja, ngalande ija yomwe aliyense amadziwira kuti apa mpa malire zapita, kwatsala bwalo la fumbi lomwe aliyense atha kuloza pomwe wafuna. Ndipo nyumba ya munthu isagwetsedwe iye asanasaine, ngakhale itaoneka ngati yatheratu, zitsulo ndi njerwa zotsalazo nzake, mwina mpamene ayambire.

Malo: apa mpomwe pagona nkhani

Ndikhalapo pang'ono apa chifukwa mpomwe Marawi anamira, ndipo mzinda wina uliwonse wa kuno kwathu ungamirenso pomwepa. Boma litati anthu ayambe kukonza nyumba zawo, kudzera mu pulogalamu yotchedwa Kathagombalay, linati abweretse umboni woti malowo ndi awo nkutenga chilolezo chomangira. Zomveka eti? Koma Amaranao ambiri malo awo ndi a makolo, agogo anamanga, ana anaonjezera chipinda pamwamba, zidzukulu zinaonjezera china, nyumba imodzi mabanja asanu ndipo pepala kulibe, kapena lilipo koma lili m'dzina la munthu yemwe anamwalira kale kale, kapena linapsa mnyumba momwemo. Kuonjezera apo mu 1953 boma linalengeza gawo lalikulu la malo a mzindawu kuti ndi la asilikali, nde pa pepala anthu ena omwe akhala pamalo mibadwo itatu amaoneka ngati olowerera.

Tangoganizani Ndirande kapena Mtandire atagumuka yense kenako khonsolo nkunena kuti omanganso ndi okhawo ali ndi lizi ndi pulani yovomerezeka. Angabwerere angati?

Chochita nchakuti lamulo la umboni mulifewetse poyambirira pomwe, musadikire kuti mafomu akanidwe kaye masauzande. Landirani umboni wina uliwonse womveka: mabilu a magetsi ndi madzi, malisiti a msonkho, zithunzi za pa ukwati zomwe zikuonetsa nyumbayo kumbuyo, zithunzi za mumlengalenga za nkhondo isanayambe, mawu a aneba, a mfumu, a shehe kapena abusa. Ikani komiti ya milandu ya malo m'dera lililonse, momwe muli akuluakulu omwe anthu amawamvera kale pamodzi ndi wa boma wodziwa kuyeza malo, ndipo amayi akhalemo osati ngati maluwa, chifukwa amasiye ndi omwe amalandidwa malo ndi achibale a mwamuna nthawi ngati imeneyi. Milandu yambiri ndi ya pachibale ndipo imatha pansi pa mtengo, yokhayo yokanika ipite kukhoti. Ku Mindanao kuli chomwe amati rido, udani wa mabanja wobwezerana mpaka kuphana mibadwo ndi mibadwo, ndipo malo ndi chimodzi mwa zomwe zimauyambitsa, nde mlandu wa malire womwe mwauthamangira lero utha kukhala maliro zaka khumi zikubwerazo.

Zolipiritsa pa chilolezo chomangira zichotseni. Munthu wakhala zaka ziwiri osagwira ntchito, mukufuna alipire wojambula pulani, alipire fomu, akwere basi kanayi kupita ku ofesi komwe bwana wosaina sapezeka? Ofesi ikhale imodzi, pafupi ndi pomwe anthuwo ali, zonse zithere pa tebulo limodzi.

Chinanso, chenjerani ndi anthu a mapulani okongola. Nkhondo ikagwetsa mzinda pamabwera akatswiri ndi zithunzi za pakompyuta, misewu yotakata, mapaki, malo a alendo m'mbali mwa nyanja, amati mwayi wapezeka womanga mzinda wamakono. Msewu uliwonse womwe mwaukuza wadya khonde la munthu. Ku Marawi miyezi yambiri inapita boma likukambirana ndi makampani, ena a ku China, oti amange dera lonse, zokambirana zinagwa, mwala wa maziko unaikidwa kumapeto kwa Okutobala 2018, ndipo eni mzinda ankadandaula poyera kuti mapulaniwo akupangidwa iwo osafunsidwa. Kenako kunamangidwa sitediyamu ya Sarimanok, holo ya misonkhano, msika waukulu wa Grand Padian, mizikiti ikuluikulu inakonzedwa. Mizikiti ndi msika sindingatsutse, anthu amazifuna. Koma sitediyamu pakati pa mabwinja, eni dera ali mtinyumba ta malata kunja kwa tauni, madzi ndi magetsi m'deramo zisanafike bwino bwino, kwa ine ndi kugula tayi ulibe buluku. Ndondomeko yake izikhala iyi: mabomba achoke, mapaipi a madzi, magetsi ndi ngalande zilowe, anthu ayambe kumanga, sukulu ndi chipatala zitsegulidwe, zokongoletsa pambuyo.

Tinyumba tongoyembekezera

Palibe chomwe chimakhalitsa ngati chinthu chomwe akuti nchongoyembekezera, funsani a ku Dzaleka omwe kampu yawo inatsegulidwa mu 1994. Ku Marawi anamanga tinyumba ku Sagonsongan ndi malo ena pa malo a anthu omwe boma linabwereka kwa zaka 5, poganiza kuti pofika nthawiyo aliyense adzakhala atabwerera. Zaka 5 zinakwana anthu akadali momwemo, eni malo nkuyamba kufuna malo awo kapena lendi. Madzi amavuta, zimbudzi zimadzadza.

Nde pomanga muziganiza zaka khumi ngakhale pa pepala mwalemba ziwiri. Mgwirizano wa malo ukhale ndi ndime yonena chomwe chidzachitike nthawi ikatha anthu asanachoke, ndipo ndani adzalipire. Thanki ya zimbudzi ikhale yoti galimoto yopopa itha kufika, ndipo bajeti yopopera ikhalepo chaka ndi chaka, zinthu zosasangalatsa kulemba mu lipoti koma kolera amayambira pamenepo. Mjigo kapena mpope usakhale wodalira galimoto ya madzi ya bungwe lomwe pulojekiti yake ikutha Disembala. Mababu panjira ya kuchimbudzi, loko mkati mwa chitseko. Anthu a dera limodzi muwaike pamodzi, aneba akale amadziwana, amasungirana ana, amakongozana mchere. Ndipo malowo asatalikire tauni, munthu wa mumzinda sadya za kumunda, amadya za pa msika, mukamuika pa mtunda wa makilomita 15 komwe thiransipoti yake ikudya phindu lonse la tsikulo mwamusandutsa wopempha.

Mpamba, osati maphunziro a kusoka okha okha

Mabungwe amakonda maphunziro chifukwa ndi osavuta kuwerenga, anthu 200 aphunzira kusoka, chithunzi, satifiketi. Koma mayi yemwe wagulitsa nsalu zaka 20 safuna kuphunzitsidwa geni, akudziwa kokapikula, akudziwa makasitomala ake, chomwe chinapsa ndi katundu ndi benchi. Mpatseni mpamba ndi malo ogulitsira, ndipo ngati anali ndi ngongole ku banki pa katundu yemwe anapsayo mukambirane ndi bankiyo. Kwa Asilamu ambiri ngongole ya chiwongola dzanja ndi yoletsedwa, nde pezani njira ina yowapatsira osati kuwakakamiza fomu yomweyo ya aliyense.

Ntchito yochotsa zigumuka ndi kumanga ilembe anyamata a mumzinda momwemo, zilembedwe mu kontilakiti kuti kontilakita asabwere ndi anthu ake onse mpaka wokankha wilibala. Izi sindikunenera ndalama zokha. Mnyamata yemwe nyumba ya kwawo inagwetsedwa ndi ndege ya boma, wakhala zaka zitatu mu kanyumba kotentha opanda chochita, akuona alendo akulandira malipiro pa mabwinja a kwawo, ameneyo ndi amene olemba anthu a zigawenga amamufuna, sachita kumunyengerera kwambiri.

Sukulu zitsegulidwe msanga ngakhale pansi pa tenti, ndipo ana othawa alandiridwe msukulu za komwe ali popanda kufunsa kalata ya transifa. Yunivesite ya Mindanao State yomwe ili ku Marawi komweko inatsegulanso makalasi mu Ogasiti 2017 mfuti zikumvekabe kutsidya kwa mzinda. Koma ngati othawa mwawasunga m'makalasi, monga tinaonera ku Blantyre nthawi ya Freddy, mupeze kwina kowaika mwaulemu musanaimbe belu, osangowauza kuti pofika Lolemba muchoke.

Za mumtima nazo. Si onse angapite kwa dokotala wa maganizo ndipo madokotalawo ndi ochepa, koma aphunzitsi, azamba, ma shehe ndi abusa mutha kuwaphunzitsa kuzindikira mwana yemwe wasiya kulankhula, wayambanso kukodza pogona, kapena bambo yemwe sagona ndipo wayamba kumenya. Ndipo pali mabanja omwe sangayambe nkomwe kuchira chifukwa sanaike maliro. Mitembo yambiri yomwe inatoledwa ku Marawi inaikidwa ku manda a Maqbara osadziwika maina. Mtembo uliwonse wotere uikidwe pawokha, ndi nambala, zithunzi, zovala zisungidwe, atengeko ka DNA, ndipo pakhale ofesi imodzi yomwe banja lingapite kukafunsa za munthu wawo wosowa popanda kuopa kuti alembedwa ngati abale a chigawenga. Popanda kalata ya imfa mkazi wamasiye sangatenge ndalama ku banki, sangasinthe dzina pa malo, sangalandire chipukuta misozi.

Chipukuta misozicho

Musachisiye kumapeto ngati mmene ndachisiyira ine pano. Boma litha kumanga misewu yonse koma ngati mwini nyumba alibe ndalama ya simenti dera likhalabe bwinja la misewu yabwino. Lamulo lolipira anthu a ku Marawi, Republic Act 11696, Pulezidenti Duterte analisaina mu Epulo 2022, pafupifupi zaka 5 nkhondo itayamba, ndipo bodi yoona za malipirowo inayamba kulandira mafomu mu Julaye 2023. Pofika nthawi imeneyo ena mwa okalamba omwe anathawa aja anali atamwalira ali kwa eni, ndipo mtengo wa simenti ndi zitsulo sunali uja wa 2017.

Nde inu omwe muli ndi mawu, kaya kubungwe kaya kumpingo, yambani kukankha za lamuloli mwezi woyamba womwe. Muonetsetse kuti likuwerengera mtengo womangira lero osati mtengo wa nyumba yakale itachotseredwa zaka zake, kuti a lendi ndi a mashopu alimo pa katundu wawo, komanso kuti ndalama zake zaikidwadi mu bajeti, poti lamulo lopanda ndalama ndi pepala chabe. Zithunzi ndi miyeso zija munatenga buludoza isanalowe, apa mpomwe zigwire ntchito, muzisunge malo atatu, kope ina kwa mwini, ina ku ofesi, ina pa intaneti. Mndandanda wa omwe alipidwa ndi omwe akudikira uzimatidwa pa bolodi kumsika ndi kumzikiti mwezi ndi mwezi, ndi manambala a mafomu osati maina ndi ndalama zake kuopa akuba, kuti yemwe fomu yake ndi nambala 340 akaona 900 yadutsa adziwe kuti pali chofunsa, ndipo adziwe khomo lokagogoda.